Safunsa Anadya Phula: Kufunafuna Mbale Yabwino M'dera la Kanda ku Tokyo

Anzathu olankhula Cibemba ali ndi mwambi wakuti "Umwana ashenda atasha nyina ukunaya," ndiko kunena kuti mwana wosayenda amayesa kuti mai wake yekha ndiye adziwa kuphika nsima. Masiku ano ana athu akuyenda. Ena apita ku Japan kukaphunzira m'mayunivesite, ena atumidwa ku maphunziro a bungwe la JICA, ndipo ena apita pa malonda a magalimoto amene adzaza misewu ya Lusaka, Chipata ndi Kitwe. Onsewa akangotsika ndege, mimba imawafunsa funso limodzi: tidya kuti, ndipo tidya ciani? Nsima kulibe, zikwangwani zalembedwa m'zilembo zacilendo, ndipo ndalama za m'thumba n'zowerengeka. Mwezi uno tsono tiyende pamodzi m'dera limodzi la mzinda wa Tokyo lochedwa Kanda, tione m'mene eni dziko amasiyanitsira nyumba yodyeramo yabwino ndi yongokongola kunja. Nanunso amene simuganiza zokwera ndege mutolapo kanthu, pakuti nzeru yosankhira mphika ndi imodzi, kaya ndi ku Tokyo kaya ndi pa msika wa Soweto.

Dera lake

Kanda ali m'cigawo ca Chiyoda, pakati penipeni pa Tokyo. Mukakwera sitima ya njanji ya Yamanote pa siteshoni yaikulu ya Tokyo kulowera kumpoto, siteshoni yoyamba imene muimepo ndiyo Kanda. Ndi dera la maofesi, la masukulu apamwamba, ndiponso la masitolo a mabuku akale a ku Jimbocho. Kutsidya kwa mtsinje wa Kanda kuli Akihabara, kumene amagulitsa zipangizo za magetsi. Popeza kuti anthu a nchito ndi ana a sukulu amadya kunja masana aliwonse, ophika a kuno amaweruzidwa tsiku ndi tsiku ndi anthu odziwa kukoma koma osafuna kumwaza ndalama. Wophika waulesi sakhalitsa pamalo otero.

Mzinda wa Tokyo unaonongeka kawiri m'zaka zocepa. Pa 1 September 1923 kunacita cibvomezi coopsa cimene pamodzi ndi moto wake cinapha anthu oposa 100,000. Kenaka m'caka ca 1945 mabomba a nkhondo yaciwiri ya dziko lonse anatentha mbali yaikulu ya mzindawo. Koma timisewu tingapo ta ku Sudacho ndi Awajicho, m'dera lomweli la Kanda, tinapulumuka moto wa nkhondo. N'cifukwa cake mpaka lero mungaoneko nyumba zamatabwa zomangidwa cibvomezi citangopita, zitapanikizika pakati pa nyumba zazitali za magalasi. M'nyumba zimenezi ndimo muli ena mwa malo odyera akale a mu Tokyo.

Mitundu itatu ya manoodles

Ambiri a ife manoodles timawadziwa a m'kapaketi aja othira madzi otentha, amene ana a sukulu amakonda. Amenewo anayambitsidwa ndi Momofuku Ando ku Ikeda pafupi ndi Osaka m'caka ca 1958, ndipo a m'kapu anatuluka mu 1971. Iwo ndi mdzukulu cabe wa zakudya zimene tikunena pano. Mlendo afunika kudziwa maina atatu asanalowe pakhomo lililonse.

Loyamba ndi soba. Awa ndi manoodles oonda, otuwirako, opangidwa ndi ufa wa mbewu yochedwa buckwheat. Ufa umenewu sugwirana bwino pawokha, motero ophika ambiri amasakaniza magawo 8 a buckwheat ndi magawo 2 a tirigu, ndipo msakanizo wotere amaucha nihachi. Opangidwa ndi buckwheat yekhayekha amachedwa juwari, ndipo amafuna dzanja la katswiri. Soba ndiye cakudya ca makolo a mu Tokyo kuyambira pamene mzindawu unkachedwa Edo.

Laciwiri ndi udon, manoodles onenepa, oyera, a ufa wa tirigu, madzi ndi mcere basi. Ochuka kwambiri ndi a ku Kagawa pa cisumbu ca Shikoku, amene amachedwa Sanuki udon, ndipo ubwino wake uli pa kutafunika kwake.

Lacitatu ndi ramen, amene anacokera kwa ophika a ku China. Nyumba yochedwa Rairaiken, imene inatsegulidwa ku Asakusa mu 1910, ndiyo imachulidwa kawirikawiri monga imene inachukitsa cakudyaci mu Tokyo. Ufa wake ndi wa tirigu, koma amathiramo madzi a mcere wina wochedwa kansui, wogwira nchito yofananako ndi cidulo ca kwathu, umene umawapatsa mtundu wacikasu ndi kulimba. Msuzi wake uli wa mitundu inai yaikulu: shoyu wa soya, shio wa mcere, miso wa soya wosasitsa umene ndi wochuka ku Sapporo, ndi tonkotsu wa mafupa a nkhumba owiritsidwa maora ambiri, wa ku Fukuoka.

Cinsinsi ciri mu msuzi

Amai aliyense adziwa kuti nsima ingakhale yosalala bwanji, ndiwo zikalephera cakudya conse calephera. Ku Japan nakonso mtima wa mbale ndi msuzi wochedwa dashi. Amaupanga ndi masamba ouma a m'nyanja ochedwa kombu, pamodzi ndi nsomba youmitsa mpaka kulimba ngati mtengo, yochedwa katsuobushi, imene amaipala kukhala timapepe. Ena amagwiritsa nchito tinsomba touma tochedwa niboshi, tofanana kwambiri ndi kapenta wathu wa ku Siavonga ndi Mpulungu. M'caka ca 1908 katswiri wa sayansi, Kikunae Ikeda wa pa yunivesite ya Tokyo, anapeza kuti kukoma kwa kombu kumacokera ku cinthu cochedwa glutamate, ndipo kukomako anakupatsa dzina lakuti umami. Tsono mukafika pakhomo la nyumba ya soba m'mawa, imani pang'ono mununkhize. Fungo la nsomba yowira likamveka kunja, dziwani kuti msuzi auphika tsiku lomwelo.

Zizindikiro za khomo labwino

Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Magetsi owala ndi zithunzi zazikulu sizinena kanthu za mphika. Nazi zizindikiro zimene eni dera amayang'ana.

Coyamba ndi mzere, ndiponso anthu amene aima pamzerepo. Pakati pa 11:30 ndi 13:30 anthu a m'maofesi amatuluka kukadya, ndipo nthawi yao ndi yocepa. Munthu wotere akalola kuima mphindi 20 pamene khomo loyandikana nalo lili ndi mipando yopanda anthu, pali cifukwa. Ku Ogawamachi, pafupi ndi Jimbocho, kuli nyumba ya Sanuki udon yochedwa Maruka, kumene mzere umakhala wautali koma umayenda msanga. Mzere wa alendo okhaokha onyamula makamera umangosonyeza kuti dzina lamveka kutali. Mzere wa anthu a m'deralo ndiwo umboni wa kukoma ndi mtengo woyenera. Ndi nzeru yomwe ija ya ku Matebeto ku Thornpark mu Lusaka: kumene kwadzaza anthu odyako tsiku lililonse ndiko kuli ndiwo zatsopano.

Caciwiri ndi kucepa kwa zakudya zimene alemba. Ku Japan nyumba yabwino kawirikawiri imaphika cinthu cimodzi. Wa soba amaphika soba, wa ramen amaphika ramen, wa nsomba ya mkunga amaocha mkunga moyo wake wonse. Mukaona khomo limene lalemba sushi, ramen, nyama yoocha ndi zina zonse pamodzi, m'zinenero zisanu, kayikirani. Manja awiri sangasamale miphika makumi atatu.

Cacitatu ndi cimene ophika soba amaca "zatsopano zitatu": ufa wongopera kumene, wongokanda kumene, ndi wongowiritsa kumene. Dzina la derali likutiseketsa ife a Cinyanja, pakuti ku Kanda amakandadi ufa. Nyumba ya Kanda Matsuya, imene inayamba mu 1884 ndipo nyumba yake ya lero inamangidwa mu 1925, imakanda ndi kudula soba ndi manja. Kumeneko anthu osadziwana amakhalira tebulo limodzi mopanikizana, wolemera ndi wosauka, ndipo palibe wodandaula. Pafupi pomwepo pali Kanda Yabu Soba, ya mu 1880, kumene mau a zimene mwaitanitsa amafuulidwa kupita kukhichini mokoka ngati nyimbo. Nyumba imeneyi inapsa ndi moto mu February 2013, koma eni ake anaimanganso ndi kuitsegula mu October 2014.

Cacinai ndi kansalu kopacikidwa pakhomo, kochedwa noren, kamene kamakhala ndi dzina la nyumbayo. Kansalu kakakhala panja ndiye kuti atsegula, akakalowetsa ndiye kuti atseka, ngakhale muone anthu m'kati. Nyumba zina zimatseka msuzi wa tsikulo ukangotha, ngakhale dzuwa likali pamutu. Cimeneco cisakukhumudwitseni, pakuti wophika wokana kuthira madzi mu msuzi kuti agulitse mbale zina khumi ndiye woyenera kubwererako mawa. Kumbukiraninso kuti m'madera a maofesi nyumba zambiri zimapumula pa Sande.

Cacisanu ndi ukhondo wa pamalo ophikira. M'nyumba zambiri za ramen mumakhala pa thabwa lalitali moyang'anana ndi wophika, ndipo zonse zimacitika pamaso panu. Onani nsalu yake yopukutira, onani m'mene akukhetsera madzi pa manoodles, onani ngati mbale akuitenthetsa asanathiremo msuzi. Nyumba ingakhale yakale ndi yothina, koma siyenera kukhala yauve.

Kupitirira manoodles

Amene afuna cakudya cokhalira pansi mwaulemu sadzasowa ku Sudacho. Isegen, imene inayamba mu 1830, imadziwika ndi mphika wa nsomba ya pansi pa nyanja yochedwa anko, cakudya ca nyengo yozizira. Ku Botan amaphika nkhuku m'ciwaya cacitsulo pa makala, ndipo nsapato mumabvula pakhomo. Takemura, ya mu 1930, ndi ya zotsekemera za nyemba zofiira. Malo ngati Isegen ndi Botan ndi a tsiku lapadera, pakuti mtengo wake ndi wokwera.

Wa thumba locepa afunefune liu lakuti teishoku. Imeneyi ndi mbale yathunthu ya masana: mpunga, msuzi wa miso, nsomba kapena nyama, ndi ndiwo zamasamba zoviika mu mcere. Kadyedwe ka makolo a ku Japan, kochedwa washoku, kanalembedwa ndi bungwe la UNESCO mu 2013 monga cuma ca cikhalidwe ca anthu, ndipo teishoku ndiyo njira yochipa yokalawira. M'masiteshoni a sitima mulinso malo odyera soba coimirira, kumene munthu amatha kudya m'mphindi zisanu. Nyumba zambiri zimaika pawindo zifanizo za zakudya zopangidwa ndi pulasitiki pamodzi ndi mitengo yake, kotero kuti wosadziwa cinenero angathe kungoloza ndi cala.

Okonda tsabola ali ndi kwao. Pafupi ndi siteshoni ya Kanda pali Kikanbo, nyumba ya ramen ya miso imene inatsegulidwa mu 2009. Kumeneko amakufunsani muyeso wa zinthu ziwiri: tsabola wowawa, ndi njere za sansho zimene zimacititsa lilime dzanzi. Mlendo ayambire pa muyeso wapakati, ngakhale akhale ngwazi ya tsabola wa kambuzi.

Mwambo wa patebulo

M'nyumba zambiri za ramen mumalipira musanadye. Pakhomo pamakhala makina: mumaponyamo ndalama, mumadina batani la cakudya cimene mwasankha, ndipo kamatuluka katikiti kopereka kwa wophika. Kawirikawiri batani la pamwamba kumanzere ndilo la mbale imene nyumbayo imanyadira. Yendani ndi ndalama m'thumba, pakuti malo ena ang'onoang'ono salandira makhadi. Musasiye ndalama yapamwamba yothokozera, cifukwa ku Japan mwambo umenewo kulibe, ndipo wanchito angakuthamangireni kuti akubwezereni.

Asanadye amati "itadakimasu," kutanthauza kuti ndalandira ndi ulemu. Akatha amati "gochisosama deshita," kuthokoza wophika. Kukoka manoodles ndi phokoso, kumene kwathu mwana angadzudzulidwe nako, kumeneko n'kololedwa. Koma musazike timitengo todyera mu mpunga coimirira, ndipo musapatsirane cakudya kucokera pa timitengo kupita pa timitengo, pakuti zimenezi zimakumbutsa miyambo ya maliro. Soba wozizira amabwera pa kathandala ka nsungwi ndi kakapu ka msuzi wakuda. Msuzi wa ku Yabu ndi wamphamvu, motero mumangoviika nsonga ya manoodles. Pomaliza amabweretsa kaketulo ka madzi amene anaphikira soba, ochedwa sobayu, kuti muthire mu msuzi wotsala ndi kumwa. Mukatha kudya m'nyumba ya mzere wautali, nyamukani mupatse mnzanu mpando. Nkhani mukapitirize panja.

Macenjezo anai

Safunsa anadya phula. Coyamba, pali anthu amene thupi lao limadana ndi buckwheat, ndipo kwa iwo ngakhale pang'ono pokha pangatseke mpweya ndi kuika moyo pangozi. Popeza kuti mbewuyi kwathu sitiidya, ambiri sadziwa m'mene thupi lao lingailandirire. Lawani pang'ono poyamba, ndipo milomo ikayamba kutupa kapena pakhosi kuyabwa, lekani pomwepo mufune cithandizo. Dziwaninso kuti malo ena amawiritsa soba ndi udon m'madzi amodzi.

Caciwiri ndi mcere. Bungwe la zaumoyo la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mcere pa tsiku. Mbale imodzi ya ramen, mukamwa msuzi wonse, ingakwanitse kapena kupitirira muyeso umenewu. Odwala matenda a kuthamanga kwa magazi adye manoodles, msuzi ausiye. Cenjezo lomweli likhudzanso timapaketi timene timagulira ana kuno kwathu: kathumba ka zokometsera kaja kadzaza mcere, ndipo theka lake n'lokwanira.

Cacitatu ndi nyama yobisika. Msuzi wa ramen pafupifupi nthawi zonse umakhala ndi nkhumba kapena nkhuku, ngakhale pamwamba muone masamba okha. Amene asala nyama pa Lacisanu m'nyengo ya Lenti asankhe soba kapena udon wamba, amene msuzi wake ndi wa nsomba ndi kombu, ndipo apewe mbale ya kamo, imene ili ndi nyama ya bakha.

Cacinai ndi anyamata oitanira anthu mumsewu usiku, makamaka m'madera a mowa. Nyumba yabwino siikoka munthu pa malaya. Otsatira oitanirawa nthawi zina amapatsidwa mtengo woopsa pomaliza. Dziwaninso kuti m'malo omwera ochedwa izakaya amabweretsa kambale kakang'ono kochedwa otoshi musanaitanitse kanthu, ndipo kamalipiridwa. Umenewo ndi mwambo wodziwika, koma ndi bwino kufunsa mtengo wake musanakhale pansi.

Mphika uli pa mabvuto

Mu December 2015 nyumba yaing'ono ya ramen yochedwa Tsuta, imene panthawiyo inali ku Sugamo, inakhala yoyamba ya mtundu wake kulandira nyenyezi ya Michelin. Dziko lonse linaombera m'manja cakudya ca anthu wamba. Koma kuseri kwa kuchukaku ophika ang'onoang'ono akulira. Anthu a ku Japan anazolowera kuti mbale ya ramen siyenera kupitirira 1,000 yen, ndipo eni nyumba amaca cimeneci "khoma la 1,000 yen." Pamene tirigu, nkhumba, magetsi ndi gasi zinakwera mtengo, ambiri anaopa kukweza mbale kuopa kuthawidwa. Bungwe lofufuza za malonda la Teikoku Databank linawerenga eni nyumba za ramen 72 amene anagwa ndi ngongole m'caka ca 2024, ciwerengero coposa zaka zonse za m'mbuyo mwake. Mu July caka comweco boma linatulutsa ndalama zatsopano za mapepala, ndipo eni nyumba anayenera kulipira okha kuti makina a matikiti aja asinthidwe. Palinso nyumba zakale zimene zimatsekedwa cifukwa cakuti wophika wakalamba ndipo palibe mwana wofuna kulowa m'malo mwake, pakuti nchito yodzuka m'bandakuca kuwiritsa mafupa ndi yowawa.

Apa ndipo nkhani ya kusankha kodyera ikula. Mlendo aliyense amene alowa m'khomo laling'ono la banja, m'malo mothamangira dzina limene analidziwa kale kwao, wathandiza kuti kansalu kaja kapacikidwenso mawa. Nyumba imene yaphika soba kuyambira mu 1880 yakhalapo cifukwa anthu a m'deralo anabwererako mibadwo ingapo, ndipo wophika nayenso sanawanyenge ngakhale m'zaka za mabvuto.

Nafenso tili nao ophika otere. M'misika ya Chipata, Katete, Petauke ndi Lusaka muli amai amene aphika nsima ndi nkhuku ya kumudzi, kapena ndiwo zotendera, pamalo amodzi kwa zaka zambiri, ndipo ana ao aphunzira sukulu ndi ndalama ya mphika umenewo. Nawonso mtengo wa ufa, makala ndi mafuta wawapanikiza. Mukapita kutauni mwezi uno, yesani zizindikiro zomwe zija: onani amene aima pamzere, werengani kucepa kwa ndiwo zimene aphika, nunkhizani, yang'anani ukhondo wa mbale ndi madzi osamba m'manja. Mukapeza woyenera, lipirani mtengo wake osanyinyirika, muthokozeni pomucha dzina, ndipo muuzeko mnzanu. Ndipo inu makolo amene mwana wanu akukonzekera ulendo wa ku Japan, dulani tsamba lino mumuikire m'cikwama, kuti tsiku loyamba ku Tokyo asagone ndi njala pakati pa miphika yambiri cotere.